Mizere Yofiira ku City Deep

Nthawi ya nkhomaliro, ofesi ikati zii,
malole atandanda panja kudikira mapepala a ku Beitbridge,
ndimatsegula imelo
kuti ndilembere mlongo wanga Ndaziona.

Ndikangoti moni,
kamzere kofiira kagona kale pansi pake,
kopindikapindika ngati nyongolotsi yogwera pa phula lotentha.
Makinawa akuganiza kuti ndaphonya,
kuti ndimafuna kulemba ndalama m'Chingerezi.
Ndaziona akanamva akanaseka:
eya achimwene, tumizani zomwezo.

Mwadzuka bwanji: mzere.
Chifuwa cha mwana chija chatha: mizere.
Kalata yonse zilonda zokhazokha,
ngati kope langa la Sitandade 6
pochoka m'manja mwa aphunzitsi a Chimtengo,
aja ankatikoleka chigoba cha nkhono m'khosi
akatimva tikulankhula chakwathu pabwalo.

Ndinalowa kumene makinawa amasunga madikishonale.
Chingerezi chilipo chamitundumitundu,
cha kuno, cha ku Mangalande, cha ku Amereka.
Chibunu chilipo.
Ndinatsetsereka ndi mndandandawo mpaka chala kuuma.
Pakati pa Chikatalani ndi Chitchaina,
pamene ndinkayembekeza kupeza kwathu,
panalibe mpata ngakhale wa singano.

Nomvula wa ku malipiro anati, ingozimitsa zonse.
Ndinazimitsadi.
Tsiku lomwelo kalata yopita kwa bwana Naidoo
inapita ndi zilembo ziwiri zitasinthana malo,
ndipo anaiwerenga mokweza pamaso pa madalaivala.
Ndinayatsanso.

Basi ndinayamba kuwolotsa mawu anga
limodzilimodzi, ngati pachipata.
Batani lakumanja, onjezani, dii,
chidindo chagwa, dutsa.
Zikomo anadutsa.
Pepani anadutsa.
Malaŵi anavuta chifukwa cha kachipewa kake,
koma naye anadutsa osavula.

Chinenero chathu sichibwera chokha, chimabwera ndi abale.
Ukalowetsa bwera,
mawa kwafika ndikubwera,
mkuja ndikanabwera, wanyamula katundu pamutu,
aliyense akufuna chidindo chakechake.
Ndidzabwera ndinamulowetsa chaka choyamba.
Disembala anayi tsopano
amadutsa woyera, wosafunsidwa kanthu.
Sindibwera sindinamulowetse.
Ndikamulemba afiire ndithu,
ndimuone, ndimufute.

Usiku wina wa ovataimu, maso ali psuu,
ndinadindira liwu lolumala:
ndalma.
Miyezi iwiri linkayenda momasuka m'makalata anga
mpaka Ndaziona anafunsa ngati ndicho Chizulu.
Ndinatsegula kaundula kuti ndilichotse,
ndipo ndinawapeza onse ali pamzere
monga mwa afabeti:
chimanga, chipatala, feteleza, fizi,
maliro, malata, ayi, malata ndiye ali patsogolo,
mawa, mvula, ngongole,
pepani,
kenako dzina la mayi,
amene makinawa anaphunzira kulemba bwinobwino
mwezi umene tinawaika ine kulibe.

Sindinalembepo buku.
Koma ili ndinaliwerenga mpaka pansi,
tiyi atazizira m'kapu,
mlonda akugogoda kuti akufuna kutseka geti.

Lachisanu kunabwera Thabiso wokonza makompyuta,
makiyi ali jegwejegwe m'chiuno.
Akuti Lolemba tilandira atsopano,
akalewa awapukuta mpaka mbee.
Ndinamufunsa za mawu anga.
Anakanda m'mutu, nafufuza, napeza kafayilo
kopepuka kuposa chithunzi chimodzi cha lole.
Ndi kameneka? anatero. Kungoti aka?

Mawu mazana asanu ndi awiri, kudza khumi ndi atatu.
Anandiikira pa fulashi.

Madzulo ano mu takisi ya ku Rosettenville
ndakhala pampando wakumbuyo, anthu anayi pa malo a atatu.
Kutsogoloku apolisi aimika galimoto.
Ndagwira thumba la malaya:
pasipoti ilimo, pepala la chilolezo lilimo,
ndi kafulashi kaja, kotentha ndi thukuta.
Wina pambali panga wanong'ona pa foni,
ndafika pa Booysens, musadandaule,
ndipo palibe chafiira pansi pa mawu ake.